"Aziwaona ana, koma pazikhala munthu": mmene mungakonzere macheza amenewa banja likatha

Tsiku limene ankhoswe anamaliza kukamba nkhani ya mwana wa mchemwali wanga ndi mwamuna wake, tonse tinadzuka pamkeka mitima itatsika. Banja linali litatha, ndipo panalibenso wolikakamira. Anagwirizana kuti ana awiri, mtsikana wa zaka 8 ndi mnyamata wa zaka 4, azikhala ndi mayi awo kuno kufupi ndi Ngabu. Za bambo awo, amene amadula nzimbe ku Nchalo, mkulu wina anamanga mfundo ndi mawu ochepa: "Aziwaona ana, koma pazikhala munthu." Tinaomba m'manja n'kubalalika. Palibe amene anafunsa kuti munthuyo ndani, tsiku lake ndi liti, kapena anawo akawaonera pakhomo pa yani.

Sipanathe milungu iwiri, bamboyo anatulukira Lachitatu dzuwa litapendeka, jumbo ya mabisiketi ili m'manja, fungo la mowa likumveka. Mayi anakoka ana n'kutseka chitseko. Bambo anayamba kukuwa panja kuti anamulola pamaso pa ankhoswe, mayi akuyankha ali m'nyumba kuti anati pazikhala munthu. Onse awiri ankanena zoona. Amene anagona ndi njala usiku umenewo, atatopa ndi kulira, ndi ana.

"Munthu" uja pamapeto pake ndinakhala ine. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2022 ndakhala ndikuyang'anira bambo ameneyu akamacheza ndi ana ake Loweruka m'mawa pansi pa mitengo ya nimu. Ndikulembera inu amene mwangochoka kwa ankhoswe, kwa amfumu, kutchalitchi kapena kuofesi ya Social Welfare, mutagwirizana kuti kholo limodzi liziona ana pamaso pa munthu wina, koma simukudziwa poyambira. Ndizitchula "bambo" kawirikawiri chifukwa kwathu zinali choncho. Kuno kuchigwa cha Shire, makamaka m'mabanja a Chisena amene analowola, nthawi zambiri ana amatsala kuchimuna ndipo wobwera kudzacheza amakhala mayi. Zonse ndikunenazi zimagwira chimodzimodzi.

Tchulani chifukwa chake poyera

Choyamba, bwererani pansi ndi amene anakuyanjanitsani, ndipo munene mosabisa kuti munthu wachitatuyo akufunikiranji. Pamsonkhano wa ankhoswe anthu amakonda kuzungulira, kuopa kuchititsa wina manyazi. Koma chifukwacho ndi chimene chimakuuzani mmene mungakonzere china chilichonse. Ngati vuto ndi mowa, macheza akhale m'mawa, ndipo asagwere tsiku lotsatira malipiro. Ngati mayi akuopa kuti bambo angathawitse ana kupita nawo kwawo kutsidya kwa Shire kapena kudutsa nawo pa Marka kulowa Mozambique, malo ake asakhale m'mphepete mwa msewu pamene pamaima akabaza. Ngati bambo anakhalitsa ku Joni ndipo mwana sakumudziwa nkhope, woyang'anira ntchito yake ndi kungokhala nkhope yodziwika kwa mwanayo kwa miyezi ingapo basi. Ngati panali kumenyana m'banja, chachikulu n'chakuti makolo awiriwa asakumane maso ndi maso.

Mukafufuza n'kupeza kuti palibe chifukwa china koma mkwiyo wa akuluakulu, musaike woyang'anira. Kholo limene silinalakwire mwana lisamachezere ana ake ngati mkaidi.

Palinso nkhani zimene sizoyenera pamkeka wa ankhoswe ngakhale pang'ono. Mwana akanena kuti anagwiriridwa kapena kugwidwa malo obisika, akakhala ndi mabala a kumenyedwa koopsa, kapena kholo likaopseza kuti lipha wina, pitani kupolisi ku Victim Support Unit, kuchipatala ndi kwa a Social Welfare, ndipo macheza aime kufikira iwo atanena. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandizira ana. Lamulo la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja limalola khoti kupereka chiletso choti wankhanza asayandikire amene akumuzunza. Ngati chiletso chotere chilipo, pepala lililonse la kumudzi lisadutse pamwamba pake.

Pamsonkhano wathu wachiwiri panabuka nkhani ya malowolo. A kuchimuna anati ng'ombe zinapita, ndiye ana ndi awo. Kwathu ndife Amang'anja, ndipo amalume anati mbumba ndi yawo. Mkangano umenewu ukanatidyera tsiku lonse chikanakhala kuti panalibe mayi wina wogwira ntchito yoteteza ana m'dera lathu, amene anatikumbutsa za malamulo. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko lino limati mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa ndi iwo, komanso wolandira chisamaliro kuchokera kwa makolowo, kaya ali pabanja, kaya sanakwatirane, kaya analekana. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limalola kholo kapena wachibale kupempha bwalo la milandu ya ana kuti azisunga mwana kapena azimuona nthawi ndi nthawi, ndipo khoti limayang'ana zokomera mwanayo, msinkhu wake ndi maganizo ake. Chiyambire 2017, mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Ufulu woonanawu ndi wa mwanayo. Mukagwira mfundo imeneyi, mikangano yambiri imafota yokha, chifukwa funso limasiya kukhala lakuti wapambana ndani.

Woyang'anira akhale ndani

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, choncho ndichedwapo. Woyang'anira asakhale mayi wa anawo, ngakhale atanena kuti sadandaula. Asakhale mwamuna watsopano wa mayi kapena mkazi watsopano wa bambo. Asakhale mwana wamkulu m'banjamo: kumuuza mtsikana wa zaka 14 kuti aziyang'anira bambo ake n'kumusenzetsa katundu amene angamuthyole khosi. Agogo a kuchimuna amawakonda adzukulu, koma dzifunseni moona mtima ngati angathe kumubweza mwana wawo wobereka yekha atabwera ataledzera.

Funso loyezera ndi limenelo. Kodi munthuyu angathe kuyang'ana bambo wamkulu m'maso n'kumuuza kuti "lero ayi, bwererani"? Kodi angathenso kupita kwa mayi n'kumuuza kuti "tsiku lakwana, asambitseni ana," mayiyo atakwiya? Akhale munthu amene ana amamudziwa, wosamwa, wosayenda ndi nkhani pachitsime, ndiponso wokhala pafupi. Mbali zonse ziwiri zimuvomere. Ine ndine wa kuchikazi, ndipo ndinanena poyera kuti ngati bamboyo akukayika, asankhe wina. Anati wandivomera chifukwa ndinaphunzitsapo mng'ono wake ndipo amandidziwa kuti sindikondera. Mkulu wa mpingo, shehe, mayi wa mugulu la amayi a pasukulu, nduna ya amfumu kapena wogwira ntchito yoteteza ana akhoza kugwira ntchitoyi bwino.

Sankhani anthu awiri, wina akhale wogwirizira. Kuno maliro sachenjeza, malungo nawo sachenjeza, ndipo macheza asamafe chifukwa woyang'anira wadwala. Ngati pakufunika ndalama ya kabaza ya woyang'anira, gwirizanani pamaso pa onse kuti izichokera kuti. Asamalandire kanthu mseri kuchokera mbali imodzi, ngakhale nsomba zouma. Tsiku lina bamboyo anandibweretsera milamba iwiri yowamba bwino. Ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti, "Bambo, iyi ipite kwa ana, ine ndikalandira sindidzathanso kukubwezani tsiku loyenera kukubwezani." Anamvetsa.

Malo ndi nthawi

Kumudzi kwathu kulibe nyumba yomangidwira ntchito imeneyi, choncho tinafunafuna tokha. Malo abwino amafuna mthunzi, madzi akumwa, chimbudzi, ndi anthu ena chapatali amene angamve mutaitana, koma osati chigulu choonerera. Ife tinapempha bwalo la tchalitchi, pamene pali mitengo ya nimu ndi mjigo pafupi. Bwalo la sukulu Loweruka, mutapempha kwa ahedi, kapena pasukulu ya mkombaphala, ndi pabwinonso. Pamsika ayi, chifukwa pali mowa, phokoso ndi anzake a bambo amene amabwera kudzalonjera n'kukhala pomwepo. Pakhomo pa mayi ayi, chifukwa bambo amayamba kuona za mpando watsopano ndi nsapato zachilendo pakhonde. Kupolisi musachezereko, mwana amaganiza kuti bambo ake amangidwa.

Nthawi yake ganizirani dzuwa la kuno. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pofika 11 koloko mwana wa zaka 4 amangolira ndi kufuna kugona. Ife tinaika 8 koloko mpaka 10 koloko m'mawa. Maola awiri amaoneka ochepa kwa kholo limene lasowa ana ake, koma poyamba ndi okwanira. Kwa khanda kapena mwana woyamwa, ola limodzi koma pafupipafupi liposa tsiku lathunthu kamodzi pamwezi, chifukwa mwana wamng'ono sachedwa kuiwala nkhope. Funsaninso za ntchito ya kholo lobweralo. Nyengo yodula nzimbe anthu amagwira mosinthana, ndipo tsiku limene mwasankha likhale loti bamboyo angalikwanitsedi, osati longomukola.

Lembani

Mawu apakamwa amasungunuka. Tengani pepala mulembe, mwachidule koma mosasiya mpata woti wina anene kuti "ine ndinamva mwina." Lathu linali ndi mawu onga awa:

"Bambo aziona ana Loweruka loyamba ndi lachitatu la mwezi uliwonse, kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko m'mawa, pabwalo la tchalitchi. Agogo oyang'anira (ndiye ineyo) ndi amene azikatenga ana ndi kuwabweza. Bambo azifika mphindi 15 nthawi isanakwane, ndipo azitsala pamalopo mphindi 15 ana atachoka. Akachedwa kupitirira theka la ola osaimba foni, macheza a tsikulo atha. Akabwera atamwa, agogo adzawabweza. Ana sachoka pabwalopo. Bambo asabwere ndi munthu wina pokhapokha zitagwirizanidwa kale. Tsiku likalephereka chifukwa cha maliro, matenda kapena madzi, lidzabwezedwa Loweruka lotsatira. Tidzakumananso pakatha miyezi 3 kuti tione mmene zikuyendera."

Aliyense asaine kapena adinde chala, pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse. Liwerengedwe mokweza, ndipo ngati wina amamasuka kwambiri m'Chisena, limasuliridwe pomwepo kuti asadzanene kuti sanamve. Mayi asunge lake, bambo lake, woyang'anira lake, lina lipite kwa amfumu. Jambulani ndi foni, ndipo lenilenilo muliike mujumbo ya pulasitiki pamodzi ndi makadi a kuchipatala. Amene tinaona madzi osefukira a 2015 tikudziwa mmene mapepala amathera m'nyumba.

Dziwaninso kuti pepala la kwa amfumu lili ndi ulemu wake koma si chigamulo cha khoti. Ngati mukuona kuti mnzanuyo sangalisunge, kapena pali mantha enieni, pitani nalo kubwalo la milandu mukapemphe chigamulo. Amene alibe ndalama ya loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo a Social Welfare paboma, kaya pa Chikwawa kaya pa Nsanje, amalozera njira.

Popereka ana ndi powatenga

Mwa maola awiri onsewo, mphindi zoopsa ndi zoyamba ndi zomaliza. Makolo akakumana, mawu amodzi okha okhudza chibwenzi kapena ngongole amayatsa moto, ndipo mwana amafika pamacheza mtima uli m'mwamba. N'chifukwa chake tinaika zoti bambo azifika poyamba. Ndimapita kukamupatsa moni ndili ndekha, ndimaima pafupi mokwanira kuti ndimve mpweya wake, ndione maso ake ndi mayendedwe ake. Ndikakhutira, ndimapita kukatenga ana. Pomaliza ndimanyamuka ndi ana, iye n'kutsala atakhala, kuti asatilondole ndipo mayi asamakhale ndi nkhawa yoti afika pakhomo.

Anawo muwakonzekeretse ndi mawu osavuta. Ine ndinawauza kuti, "Mawa tikaona ababa kutchalitchi. Ine ndikhala pomwepo. Tikamaliza tibwerera kwa amayi." Mwana amafuna kumva mbali yomalizayo, kuti abwerera. Musamuuze kuti agogo akukhalapo chifukwa bambo ndi woipa. Mtsikana atandifunsa chifukwa chake, ndinamuyankha kuti akuluakulu anagwirizana choncho kuti aliyense akhale ndi mtendere, ndipo sanafunsenso. Adye phala asananyamuke, ndipo ngati wina akumwa mankhwala, monga a malungo, woyang'anira anyamule ndi kudziwa nthawi yake.

Nthawi ya macheza

Khalani pamalo oti mukuona ndi kumva, koma musalowerere. Ichi chinandivuta poyamba. Ndinazolowera kalasi, ndipo ndinkafuna kumuuza bamboyo mmene angamunyamulire mwana ndi zoti anene. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti ana akuyang'ana ine asanayankhe bambo awo, ndipo ndinazindikira kuti ndikuwalanda nthawi yawo. Kuyambira pamenepo ndimatenga nsalu yosoka n'kukhala pamzere wa mthunzi, mapazi khumi kuchokera pamene ali.

Pali zinthu zochepa zimene ndimalowererapo nthawi yomweyo. Kufunsa ana za mayi awo: amabwera ndani kunyumba, anagona kuti, ndalama akuzitenga kuti. Kuwatuma mawu, ngakhale ooneka abwino ngati "ukawauze amayi ako kuti ndimawakondabe." Kunyoza mayi kapena abale ake. Kunong'ona. Kulonjeza zimene sizinagwirizanidwe, monga "mwezi wamawa ndidzakutengani tikakhale ku Nchalo." Zikayamba, sindimudzudzula pamaso pa ana. Ndimangoti, "Bambo, tabwerani kuno pang'ono," n'kumuuza chapambali. Akabwereza kachiwiri, ndimamuchenjeza kuti kachitatu titseka. Zinachitika kamodzi kokha kuti ndinatseka nthawi isanakwane, ndipo ana ndinangowauza kuti lero tathera pano, tidzabweranso.

Makolo ambiri obwera kudzacheza sadziwa chochita ndi maola awiri, ndiye amabisala kuseri kwa mphatso. Mabisiketi amatha m'mphindi zisanu, kenaka pamagwa chete wolemera. Muuzeni bamboyo abwere ndi chochita ndi manja. Wathu anayamba kubwera ndi mawaya, ndipo kwa milungu ingapo ankapanga galimoto ndi mnyamata uja, matayala ake a zitsekerero za mabotolo. Mtsikana amabwera ndi makope ake, bambo n'kumamufunsa masamu. Anakumba bawo pansi pa mtengo, ndipo mpaka lero maenje ake alipo. Mpira wa majumbo, nthano, kumuphunzitsa mwana mayina a agogo ake a kuchimuna ndi moni wa Chisena, zonsezi ndi zimene mwana amapita nazo kunyumba. Mphatso zikuluzikulu, monga foni, zidzere kwa akuluakulu poyamba.

Mwana akakana kupita, musamukoke. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Koma musathamangirenso kunena kuti basi sakufuna bambo ake. Mnyamata wathu tsiku loyamba anandigwira chitenje osafuna kusiya. Ndinamuuza bamboyo kuti asamuitane, angoyamba kusewera ndi mtsikana. Patapita theka la ola anasendera yekha. Kukana kumene muyenera kukutengera pamtima ndi kwa mwana amene akunjenjemera, kubisala, kapena kunena chinthu chenicheni chimene akuopa. Pamenepo imitsani, mumvetsereni osamuika mawu m'kamwa, ndipo mukauze wogwira ntchito yoteteza ana.

Kukatsala mphindi khumi, nenani mokweza kuti nthawi yatsala pang'ono. Kutsanzikana kukhale kwachidule, ndipo bambo anene tsiku limene adzabwerenso. Kholo likayamba kulira mokweza, mwana amanyamula chisonicho ngati mlandu wake.

Mawu kwa inu amene mukusunga ana: akabwerako musawakhazike pansi n'kuyamba kuwafunsa kuti anati chiyani, anavala chiyani, ananditchula kodi. Apatseni madzi, adye, akasewere. Masiku oyamba mwana akhoza kuvuta, kukwiya msanga, ngakhale kukodza pogona. Nthawi zambiri ndi mtima umene ukuvutika ndi kusiyana kawiri patsiku limodzi, ndipo zimachepa macheza akamachitika mosadumphadumpha. Ngati muli ndi funso, funsani woyang'anira.

Ndalama zikhale panjira yake

Chithandizo cha ana ndi macheza musazimange pamodzi. Mayi asanene kuti "sanatumize ndalama, ndiye ana sawaona," ndipo bambo asanene kuti "sandionetsa ana, ndiye sindipereka." Mbali zonse ziwiri wolangidwa ndi mwana. Ife tinagwirizana kuti ndalama zizipita pa Mpamba kapena Airtel Money, chifukwa uthenga wake umatsala ngati umboni, ndipo pabwalo la macheza pasadutse ndalama iliyonse. Bambo akasiya kuthandiza, njira yake ndi kwa ankhoswe, kwa a Social Welfare kapena kukhoti.

Nyengo ya madzi

Amene amakhala kumtunda sangaiganizire mfundo iyi, koma kuno ndi yofunika kuilemba. Kuyambira Disembala mpaka Marichi, ulendo wa ola limodzi ukhoza kusanduka wosatheka. Namondwe wotchedwa Ana mu Januwale 2022 anadula msewu wa M1 m'malo angapo. Freddy mu Marichi 2023 anatipeza tili pakati pa dongosolo lathu, ndipo kwa milungu ingapo anthu ambiri anali m'misasa, m'masukulu ndi m'matchalitchi, maganizo onse ali pa chakudya ndi pogona. Kwa amene kholo lina lili ku East Bank, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, kumadera ngati Makhanga kapena Fatima, vutoli ndi la chaka ndi chaka.

Mfundo yanga apa ndi yosasinthika: mwana asakwere bwato pa Shire kapena pa Ruo madzi atadzaza chifukwa cha macheza. Wowoloka akhale wamkulu, ndipo nayenso ngati n'koopsa adikire. Koma kuonana kukaima, kulankhulana kusaime. Ife tinkachita kuti Loweruka lomwelo, nthawi yomweyo ya 8 koloko, bambo aziimba pa foni yanga, ine n'kuika mawu pokweza kuti ndizimva, ana n'kulankhula mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Foni ikhale ya woyang'anira, kuti isasanduke khomo lakuseri lovutitsira mayi usiku. Ngati madzi akusamutsani, dziwitsani mbali inayo kudzera kwa woyang'anira kuti ana ali kuti ndipo ali bwanji, tsiku lomwelo ngati netiweki ilipo. Kholo limene silikudziwa ngati ana ake apulumuka likhoza kuchita chilichonse, ngakhale kuswa pangano.

Kope la woyang'anira

Gulani kope la masamba 40 likhale la ntchito imeneyi yokha. Tsiku lililonse lembani nthawi imene kholo lafika, mmene linalili, zimene anachita ndi ana, ndi nthawi yotsekera. Lembani zimene mwaona ndi kumva, osati zimene mukuganiza. Osalemba kuti "bambo anali wamwano." Lembani kuti "anafunsa mtsikana za amene amabwera kunyumba, ndinamuletsa, anasiya." Zabwinonso muzilemba: "anafika nthawi yake, anabweretsa madzi, mnyamata anagona pamiyendo pake." Makolo onse awiri adziwe kuti kopelo lilipo ndipo akhoza kumva zimene zalembedwa pamsonkhano. Nkhani ikadzafika kwa a Social Welfare kapena kukhoti, kope limeneli limathandiza kuposa kukumbukira kwa anthu okwiya.

Pakatha miyezi itatu

Kuyang'anira sikuyenera kukhala kwa muyaya, pokhapokha ngati khoti latero. Kholo likaona kuti palibe chimene chidzasinthe ngakhale litayesetsa bwanji, limagwa mphwayi n'kusiya kubwera. Choncho pamsonkhano woyamba womwe, nenani masitepe ake. Athu anali otere: akasunga pangano miyezi 3, maola akwere kufika atatu. Akapitiriza, woyang'anira azikhala patali, poti akuona koma sakumva. Kenaka azingopereka ana ndi kuwatenga. Kugona kwa bambo ndi sitepe yomaliza, ndipo isanafike, wina akaone kumene anawo akagone, ngati kuli neti, ndi amene amakhala m'nyumbamo.

Masitepe amakwera, amatsikanso. Mwezi wachisanu bamboyo anabwera atamwa. Sanali wodzandira, koma fungo linalipo. Anandichonderera kuti, "Amayi, ndachokera kutali, ndingowaona pang'ono." Mtima unandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti ana asamba kale ndipo akudikira. Ndinamubweza. Ndikanalola tsiku limenelo, mayi sakanandikhulupiriranso, ndipo pepala lathu likanakhala lopanda ntchito. Ana ndinawauza kuti ababa sali bwino lero, tidzawaona Loweruka linalo. Pamsonkhano wotsatira tinabwerera pa maola awiri n'kuyambanso kuwerenga miyezi. Sanabwerezenso.

Pamisonkhano imeneyi mawu a ana amveke, koma osati pamaso pa makolo awo, ndipo osawafunsa kuti asankhe pakati pa mayi ndi bambo. Munthu amene amamasuka naye awafunse padera kuti chimawasangalatsa n'chiyani, chimawavuta n'chiyani, angakonde chisinthe n'chiyani. Ngati kholo lalephera kubwera katatu motsatizana popanda chifukwa, kapena wosunga ana akungopeza zifukwa zowabisira, musadikire miyezi itatu ikwane. Itanani ankhoswe msanga, ndipo zikakanika pitani kuboma.

Ife pano tili pa sitepe yachitatu. Ndimawaperekeza ana pabwalo la tchalitchi 8 koloko, bambo awo amapita nawo kokadya ndi kokaona azakhali awo, ndipo amawabweza kwa ine 3 koloko masana. Mnyamata akalandira kanthu amati "takhuta," monga amanenera a kwa bambo ake. Za kukagona ku Nchalo tinazikamba pamsonkhano wapitawu. Bambo akufuna, mayi sanakane, koma mtsikana atafunsidwa padera anati ayambe wakaona nyumbayo masana, ine ndili pomwepo. Tagwirizana kuti tipite Loweruka loyamba sukulu akatsekera, ndipo nkhani ya kugona tidzaikambanso tikabwerako.